Zimbale 16 za gulu limodzi: kuzindikira chomwe chili ndi nkhope yakeyake

Gulu loimba likakhalitsa, zimbale zake zimayamba kufanana ngati ana a bere limodzi. Ku progressive metal, mtundu wa nyimbo za rock zolemera, zazitali ndi zosinthasintha, vutoli limakula, chifukwa nyimbo imodzi imatha kutenga mphindi 10 kapena 20, ndipo mkati mwakemo mumakhala chilichonse: gitala yolemera, piyano yofatsa, ng'oma zothamanga, kolasi yokweza mawu mpaka kudenga. Ngati nyimbo iliyonse yasenza zonsezi, chimbale china chisiyana bwanji ndi chinzake? Kuno ku Salima okonda nyimbo zamtunduwu ndife owerengeka, ndipo mkangano wathu umathera pa funso loti chimbale chokoma koposa ndi chiti. Funso limenelo silitha, aliyense amakokera kwake. Lilipo lina lomwe munthu angaliyese n'kupeza yankho: ndi chimbale chiti chomwe mungachizindikire ndi khutu lokha, osaona chikuto kapena dzina la nyimbo?

Mpunga wa kilombero ukamaphikidwa mumaudziwa muli panja, mphika usanavundukulidwe. Sindikunena kuti aliyense amaukonda kuposa faya, ndikungoti simungausokoneze ndi wina. Nkhope ya chimbale ndi yotero. Chikhoza kukhala nayo koma osakoma, ndipo chikhoza kukoma kwambiri koma n'kumamveka ngati chinzake cha zaka ziwiri zapitazo.

Ndigwiritsa ntchito gulu la Dream Theater la ku America, lomwe John Petrucci wa gitala, John Myung wa besi ndi Mike Portnoy wa ng'oma analiyambitsa mu 1985 ali ophunzira pa sukulu ya nyimbo ya Berklee ku Boston. Zimbale zake za mu situdiyo zilipo 16, kuyambira When Dream and Day Unite cha 1989 kufika pa Parasomnia cha 2025. Njirayi imagwiranso ntchito pa gulu lina lililonse lomwe lili ndi zimbale zosachepera 6.

Yambani ndi zomwe mukumvetserazo, chifukwa ambiri amagwera pamenepa asanayambe n'komwe. Nsambo yotsikitsitsa ya gitala wamba ya nsambo 6 imalira pa 82 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu: nambala ikachepa, mawu atsika). Pa gitala ya nsambo 7 imatsika kufika pa 62 Hz, pa ya nsambo 8 imafika pa 46 Hz, ndipo besi ya nsambo 6 ngati ya Myung imatsika mpaka 31 Hz. Kasipika ka foni sikangatulutse mawu otsika chonchi. Kamangokupatsani za pamwamba zokha, ndiye chimbale cha gitala ya nsambo 7 ndi cha nsambo 6 zimamveka chimodzimodzi, pomwe kusiyana kwake kuli pansi pomwe kasipikako sikafikapo. Kasipika ka Bluetooth kaja amakamangirira pachiwongolero anyamata a kabaza kali ndi vuto lina: kamaphatikiza mawu a kumanzere ndi a kumanja kukhala amodzi. Pomwe wojambula anaika gitala khutu lina ndi kiyibodi khutu linalo kuti ziziyankhana, inu mumva phala. Pezani mahedifoni, ngakhale otchipa a waya, bola akhale ndi timphira totseka bwino khutu. Kamphira kakakhala kakang'ono, besi imathawira m'mbali.

Mafayilo onse akhale a mulingo umodzi. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ya 320 kbps imadya 2.4 MB. Chimbale cha mphindi 75 ndiye kuti ndi 72 MB kapena 180 MB. Zimbale zonse 16 zimatenga pafupifupi maola 20, ndipo pa 320 kbps zimakwana pafupifupi 3 GB, choncho memory ya 8 GB ikukwanirani n'kutsala. Ngati bandulo ikuvuta, tengani zonse pa 128 kbps, koma musasakanize. Pa 128 kbps zitsulo za ng'oma zimalira ngati madzi otuluka pampopi wotsekeka theka, ndipo khutu lidzayamba kuzindikira chimbale chifukwa cha fayilo yoipayo, osati chifukwa cha kaimbidwe. Onaninso zomwe akuikirani. Oika nyimbo m'mamemory, kaya pa Kamuzu Road kaya kwina, amatenga zomwe apeza, ndiye mufoda imodzi mumatha kupezeka nyimbo ya mu situdiyo, ina ya pa shoo, ina yodulidwa kuti ikwane pa wailesi. Dzina la fayilo iliyonse liyambe ndi nambala ya manambala awiri, 01, 02, mpaka 12. Mukalemba 1, 2, 3, zida zambiri zimaika 10 ndi 11 patsogolo pa 2, ndipo chimbale chofotokoza nkhani chimakuuzani mathero nkhani isanayambe.

Kenako tengani pepala. Lembani zimbale motsatira zaka, ndipo pambali pa chilichonse mulembe zinthu zitatu: amene anaimba, amene anayang'anira kujambula, ndi kampani yomwe inatulutsa. Pa Dream Theater pepalali lokha limaulula zambiri musanamve kanthu. Zimbale 4 zoyambirira zinadutsa m'manja a anthu akunja osiyana nthawi iliyonse: Terry Date mu 1989, David Prater mu 1992, John Purdell ndi Duane Baron mu 1994, Kevin Shirley mu 1997. Kuyambira 1999 kufika 2009 Petrucci ndi Portnoy ankadziyang'anira okha, ndipo kuyambira 2011 ntchitoyo ndi ya Petrucci. Pa kiyibodi padutsa anthu atatu, koma wachitatuyo, Jordan Rudess, wakhalapo kuyambira 1999. Ndiye zimbale 12 zomalizira zili ndi woimba mmodzi, wa gitala mmodzi, wa besi mmodzi, wa kiyibodi mmodzi, ndipo palibe mlendo woyang'anira. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa. Gululi kalumoko linakasiya mu 1997.

Mayeso ake ndi awa. Pa chimbale chilichonse pachokere tizidutswa titatu ta masekondi 20, kuchokera m'nyimbo zitatu zosiyana. Wosankha asakhale inu. Mnzanu agwire foni kumbuyo kwanu, alumphe poyambira pa nyimbo, alumphenso kolasi, ayambire penapake pakati, monga pa mphindi yachitatu. Zimbale 16 ndi tizidutswa 48, nyimbo za mphindi 16 zokha, koma ndi kulemba komwe zimatenga pafupifupi mphindi 40, ndiye ndi bwino kuzigawa pawiri. Pa kachidutswa kalikonse lembani dzina la chimbale chomwe mukuganiza, ndi mawu amodzi kapena awiri onena chomwe chakuuzani: ng'oma, gitala, mawu a woimba, kiyibodi. Munthu wongolota osamva kanthu amapeza pafupifupi 3 mwa 48, choncho musadzitame ndi 5.

Chofunika si malikisi anu. Yang'anani pomwe mwalakwa. Chimbale chomwe mwachipeza katatu konse chili ndi nkhope. Zomwe mwazisinthanitsa, kutchula ichi pomwe chinali icho, ndi banja limodzi, ndipo pepala lija likuuzani chifukwa chake.

Mayesowa amawonongeka m'njira zingapo. Yoyamba ndi kuloweza. Ngati nyimbo mwaimva kambirimbiri, mudzaizindikira ngati nyimbo, kenako n'kukumbukira chimbale chake. Kumeneko si kumva nkhope ya chimbale, ndi kukumbukira. Mankhwala ake ndi kuuza mnzanuyo kuti asankhe nyimbo zomwe simuziika kawirikawiri, makamaka za kumapeto kwa chimbale. Yachiwiri ndi voliyumu. Zimbale za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zinatulutsidwa motsika poyerekeza ndi za m'ma 2000, pomwe makampani ankapanikiza mawu kuti nyimbo zizimveka mokweza. Khutu limanamizika: chokweza limachiyesa champhamvu ndi chokoma. Mnzanuyo azisintha voliyumu kuti zonse zifike mofanana, kapena muyatse batani lofananitsa voliyumu lomwe mapulogalamu ngati Spotify ali nalo. Yachitatu ndi kutopa. Pokonzekera mayesowa musamve zimbale zoposa ziwiri pa tsiku. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja, chimbale cha mphindi 75 masana ndi mahedifoni m'khutu chimakutherani mphamvu chisanafike pakati, ndipo nyimbo zomalizira zonse zimangomveka ngati phokoso limodzi. M'mawa kusanatenthe kapena usiku ndiye nthawi yake. Yachinayi ndi chikondi choyamba: chimbale chomwe chinakulowetsani m'gululi mudzachiona ngati chapadera nthawi zonse. Chimenecho muchiyese ndi munthu wina yemwe analowera khomo lina.

Tsopano zomvetsera. Ine ndimati yambani ndi snare, ng'oma ija imalira pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, chifukwa imamveka pafupifupi sekondi iliyonse ndipo situdiyo iliyonse imaijambula mwanjira yake. Aliyense amene anaonererapo gule amadziwa kuti ng'oma yowambidwa bwino pamoto, phula lili pakati, imalira mosiyana malinga ndi pomwe dzanja lagwera ndi mphamvu yomwe lagwera nayo. Pa Images and Words cha 1992 zimenezo palibe. David Prater anagwiritsa ntchito kachipangizo komwe, ndodo ikangokhudza ng'oma, kamatulutsa mawu ojambulidwa kale. Ndiye kaya Portnoy wamenya mwamphamvu kaya wangokhudza, chomveka ndi chimodzi: kuphulika kowala, kofanana ulendo uliwonse, ngati wina akumenyetsa chitseko cha malata mofanana osatopa. Portnoy mwiniwake sanabise kuti sanakondwere nazo. Koma chinthu chomwe woimba ng'oma anadana nacho ndi chomwe chimachititsa kuti chimbalechi chidziwike m'masekondi awiri. Onjezani mawu a James LaBrie akadali okwera ndi oyera, kiyibodi ya Kevin Moore yowala ngati galasi, ndi saxophone ya Jay Beckenstein pa nyimbo imodzi, simungachisokoneze ndi china.

Awake cha 1994 ndicho, kwa ine, chitsanzo chabwino koposa cha nkhope yochokera ku zinthu zingapo zomwe zinakumana kamodzi kokha. Petrucci anayamba kugwiritsa ntchito gitala ya nsambo 7, ndipo pa nyimbo ya The Mirror mukumva nsambo yotsikayo ikugunda yokha mobwereza, youma, yopanda zokometsera. Ng'oma zinabwerera kukhala ng'oma: mukumva chikopa, mukumva pomwe ndodo yagwa mofatsa. LaBrie anaimba mokalipa, mawu akukanda kukhosi, zomwe sanachitenso motero. Kumapeto kwa 1994 ali ku Cuba anadya chakudya chomwe chinamudwalitsa mpaka mitsempha ya mawu inavulala, ndipo zinamutengera zaka kuti achire. Moore naye anali akutsanzika. Kaimbidwe kake pa chimbalechi ndi ka manotsi ochepa, ozizira, osiya mpata, ndi mawu a anthu akuyankhula oikidwa pansi pa nyimbo. Nyimbo yotsekera anailemba yekha, ndipo anachoka chimbalecho chitangojambulidwa. Chotsani chimodzi mwa zinthu zinayizi, Awake sichikhalanso Awake. Ndipo palibe chomwe gululi likanachita kuti lichibwereze ngakhale likanafuna.

Falling into Infinity cha 1997 ndi pomwe kusiyana kwa kukoma ndi nkhope kumaonekera poyera. Okonda gululi ambiri amachiika pansi, chifukwa kampani inakakamiza kuti pakhale nyimbo zazifupi zolowa pa wailesi, mpaka inabweretsa wolemba nyimbo wakunja, Desmond Child, kuti athandize kulemba imodzi. Koma pa mayeso a masekondi 20 chimapambana mosavuta. Kevin Shirley anajambula mofunda, zida zili ndi mpata wopumira, besi ikumveka payokha osabisala pansi pa gitala. Myung anaimbapo Chapman Stick, chida chomwe amachiimba pogogoda nsambo ndi zala za manja onse awiri. Derek Sherinian, yemwe anangoimba pa chimbale chathunthu chimodzi chokhachi, ankaliza kiyibodi ngati gitala, akupinda manotsi, ndi oogani yokhuthala pansi pake. Mukhoza kuchinyoza, koma simungachisocheretse. When Dream and Day Unite nachonso mudzachipeza katatu konse, koma chimenecho n'chaulere: woimba ndi Charlie Dominici, osati LaBrie, ndipo kajambulidwe ndi kopyapyala ka ndalama zochepa. Nkhope yotere sindiiwerengera kwambiri, chifukwa aliyense amasiyana ndi m'bale wake akavala mutu wa munthu wina.

Ndipatuke pang'ono pa nkhani ya kawerengedwe ka kugunda, chifukwa ongoyamba kumene amaganiza kuti chimbale chapadera ndi chomwe chili ndi kawerengedwe kovuta koposa. Kuwerengako sikovuta monga momwe kumamvekera. Mawu oti nsomba ali ndi maphatikizo awiri, oti Salima ali ndi atatu. Nenani mofulumira osapuma: nsomba, nsomba, Salima, nsomba, nsomba, Salima. Imeneyo ndi 7/8. Nsomba, Salima ndi 5/8. Nkhotakota yekha ndi 4 wamba wa pa wailesi. Khutu lomwe linakulira pa ng'oma zathu, pomwe kuwomba m'manja kumayenda patatu ng'oma ikuyenda pawiri, silichedwa kugwira zimenezi. Koma kawerengedwe kameneka sikasiyanitsa zimbale, chifukwa kali m'zonse. The Dance of Eternity ya 1999 imasintha kawerengedwe koposa ka 100 m'mphindi 6, ndipo The Alien ya 2021, yomwe inapatsa gululi mphotho ya Grammy mu 2022, imayenda pa 17/8. Pakati pa ziwirizi pali zaka 22, luso ndi lomwelo. Chomwe mungamvetsere ndi ichi: kodi kawerengedwe kopotoka kabisika pansi pa nyimbo moti mumayimba nawo osazindikira, kapena kayikidwa pamwamba kuti mukaone? Zimbale za Moore zimakonda kubisa. Za Rudess, yemwe anaphunzira piyano ku Juilliard ali mwana, zimakonda kuonetsa, gitala ndi kiyibodi zikuthamanga limodzi notsi ndi notsi.

Kuyambira 1999 anthu akunja atachoka, nkhope ikumabwera pokhapokha gulu likadzimanga lokha ndi lamulo lomwe likugwira chimbale chonse. Metropolis Pt. 2: Scenes from a Memory cha 1999 chinamangidwa ndi nkhani imodzi, ya munthu yemwe akugonekedwa tulo ndi sing'anga wa maganizo n'kumaona moyo wa mtsikana yemwe anaphedwa kale. Chifukwa cha nkhaniyo, timayimbidwe tomweto timabwerera m'nyimbo zosiyana, pena pa piyano, pena pa gitala yolemera, ndipo nyimbo zimalowana popanda mpata. Kachidutswa kalikonse kamakhala ndi kafungo ka kenakake komwe munakamva kale pa chimbale chomwecho. Apa ndi pomwe nambala za mafayilo zija zimafunika, ndiponso pulogalamu yomwe siika kachete pakati pa nyimbo.

Train of Thought cha 2003 lamulo lake ndi losavuta: kulemera basi. Mu 2002 gululi linali litaimba pa shoo zimbale zathunthu za Metallica ndi Iron Maiden, ndipo linalemba chimbalechi m'masabata pafupifupi 3. Nyimbo zilipo 7, gitala yatsitsidwa, kiyibodi nthawi zambiri ikungotsatira gitala, ndipo popumira ndi pamodzi, kanyimbo kosakwana mphindi 3 ka piyano ndi cello. Ena amati chimatopetsa, ndipo sindikutsutsa, masolo ena amatalika ngati msewu wa ku Nkhotakota. Koma chomwe anachikana, ndicho kufatsa, n'chimene chinachipatsa nkhope. Pa progressive metal gulu limadziwika ndi zomwe likutha kuimba, pomwe chimbale chimadziwika ndi zomwe gululo ladziletsa kuimba pa chimbalecho.

Six Degrees of Inner Turbulence cha 2002 chimasokoneza mayeso chifukwa ndi zimbale ziwiri m'chikuto chimodzi. Disiki yoyamba ili ndi nyimbo 5 zakuda ndi zoyesayesa, yachiwiri ndi nyimbo imodzi ya mphindi 42 yogawidwa m'magawo 8, yowala ngati ya pa zisudzo. Muziziyesa padera. Mukaziphatikiza mudzapeza theka n'kuphonya theka, kenako n'kuganiza kuti chimbalecho chilibe nkhope pomwe chili ndi ziwiri.

Octavarium cha 2005 ndi msampha, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Papepala palibe chimbale chomwe chinakonzedwa mwanzeru kuposa ichi. Ndi chachisanu ndi chitatu, chili ndi nyimbo 8, ndipo nyimbozo zimakwera kiyi motsatana, F, G, A, B, C, D, E, n'kubwerera pa F, ngati munthu akuyenda pa makiyi oyera a piyano. Notsi yomwe Train of Thought chinathera ndi yomwe ichi chikuyambira. Nyimbo yotsekera ndi ya mphindi 24, ili ndi okhestra, ndipo imayamba ndi Rudess akuliza Continuum, chida chopanda makiyi chomwe chala chimangotsetsereka. Chinalinso chimbale chomaliza kujambulidwa mu situdiyo ya Hit Factory ku New York isanatsekedwe. Zonsezi ndi zoona ndipo zimakoma kuzinena. Koma pa masekondi 20 palibe chimodzi mwa izi chomwe chimamveka, kupatula pomwe kachidutswa kagwera pa nyimbo yotsekerayo. Kiyi ya G simungaimve kuti yatsatana ndi F ngati simunamve nyimbo yapitayo. Nyimbo zina pa chimbalechi ndi zolemera ngati za 2003, zina ndi zopepuka za wailesi, ndipo mudzazimwaza m'zimbale zitatu zosiyana. Nzeru zake zimaoneka powerenga, khutu siliziona. Sindikuchinyoza, nyimbo yotsekerayo ndi imodzi mwa zabwino zomwe gululi linalemba. Ndikungoti musalole zomwe munawerenga zikuyankhireni m'malo mwa khutu.

Palinso chinthu chomwe chimafufuta malire mwadala. Portnoy analemba nyimbo 5 zonena za masitepe 12 osiyira mowa, n'kuziyala imodzi imodzi pa zimbale 5 zotsatana, kuyambira 2002 kufika 2009. Nyimbozi zimabwerekana ma riff, timayimbidwe tatifupi ta gitala tobwerezabwereza, ndi mawu, makamaka yomalizayo yomwe inasonkhanitsa zidutswa za zinzake zonse. Kachidutswa kakagwera pamenepo, kulakwa si kwanu. Uzani mnzanuyo azizilumpha.

Systematic Chaos cha 2007 ndi Black Clouds & Silver Linings cha 2009 ndi mapasa: kampani imodzi ya Roadrunner, anthu omwewo, kapangidwe komweko ka nyimbo zazitali zolemera zokhala ndi pakati pa masolo, ndi Portnoy akuyankhira mokalipa kumbuyo kwa LaBrie. Ngati mwazisinthanitsa, khutu lanu lili bwino. Portnoy atachoka mu 2010 panalowa Mike Mangini, ndipo ng'oma zake mudzazidziwa, zolunjika, zoyera, manja onse awiri ofanana mphamvu. Zimenezo zikuuzani kuti muli pakati pa 2011 ndi 2021, koma sizikuuzani chimbale. A Dramatic Turn of Events cha 2011 chinalembedwa Mangini asanalowe mu situdiyo, Petrucci atakonzeratu ng'oma pa kompyuta, ndipo ng'omazo zimamveka chapansipansi. Omvera ambiri anaonanso kuti kamangidwe ka nyimbo zake kakutsatira ka Images and Words. Chimbale cha 2013 chotchedwa dzina la gulu lomwelo chili ndi snare yonenepa yotsika yomwe imakuthandizani pang'ono. Distance over Time cha 2019 ndi chachifupi, sichikwana ola, ndipo gitala yake ndi yokhuthala. A View from the Top of the World cha 2021 chili ndi gitala ya nsambo 8 pa nyimbo imodzi yokha, choncho sichikhudza nkhope ya chimbale chonse. Zinayi zonsezi zinaimbidwa mwaluso lalikulu, ndipo pa mayeso zimalowana ngati usipa mu beseni.

Chotsala m'zaka za Mangini ndi The Astonishing cha 2016: nyimbo 34, maola oposa 2, nkhani yopeka ya dziko lam'tsogolo, okhestra ndi kwaya zokonzedwa ndi David Campbell, piyano patsogolo, LaBrie akuimba mbali za anthu onse a m'nkhaniyo, amuna ndi akazi omwe. Masolo aatali ndi ochepa, nyimbo zambiri ndi zofatsa za mphindi 3 kapena 4. Pa mayeso mudzachipeza nthawi yomweyo. Kuchimaliza ulendo umodzi ndi nkhani ina. Kwa ine ndi chimbale chomwe chili ndi nkhope yoonekera patali koposa zonse za pambuyo pa 2003, ndipo ndi chomwe sindingapatse munthu woyamba kumene.

Kuti muone kuti njirayi simangotsatira gulu limodzi, iyeseni pa Opeth ya ku Sweden. Kumeneko mzere waukulu uli pa 2011, pomwe woimba wawo Mikael Åkerfeldt anasiya kuimba mobangula pa chimbale cha Heritage n'kutembenukira ku kaimbidwe ka m'ma 1970, mpaka kubangulako kunabwerera mu 2024. Mzere umenewo ndi wosavuta kuumva. Ntchito yeniyeni ili mkati mwa mbali iliyonse: kusiyanitsa Blackwater Park cha 2001 ndi Deliverance cha 2002, zomwe zonse Steven Wilson anathandiza kujambula, kumafuna khutu. Damnation cha 2003 chimaima chokha chifukwa cha lamulo ngati la Train of Thought, koma lotembenuzidwa: palibe kubangula, palibe gitala yolemera, kiyibodi yakale yotchedwa Mellotron ili paliponse.

Parasomnia cha 2025 musafulumire nacho. Portnoy anabwerera mu 2023, nyimbo zonse zikuzungulira nkhani ya zovuta za kutulo, ndipo chimwemwe choti wabwerera chimanamiza khutu ngati voliyumu ija. Chimveni kasanu kaye, m'masabata osiyana. Kenako musachiyese pakati pa zimbale zonse 16, chifukwa pafupi ndi za Mangini ng'oma zokha zidzachiulula. Mnzanuyo atenge tizidutswa 4 pa Parasomnia, 4 pa Train of Thought, 4 pa Systematic Chaos ndi 4 pa Black Clouds & Silver Linings, makamaka pomwe LaBrie sakuimba, popeza mawu ake a zaka zino amasiyana ndi a 2003 ndipo angakupatseni yankho laulere. Tizidutswa 16, zimbale 4, wongolota amapeza 4. Mukapeza tonse 4 ta Parasomnia, onani zomwe munalemba pambali. Ngati paliponse mwalemba kuti ng'oma zikumveka zatsopano, mwamva situdiyo yamakono. Ngati mwalemba chinthu cha m'nyimbo momwemo, kaya ndi kayendedwe ka gitala kaya ndi mdima wina wake womwe zinzakezo zilibe, bwerezani mayesowo pakatha mwezi ndi tizidutswa tina.